Chipinda cha Tiyamike chimene tinamanga pa nthochi

Amene anayamba kundiuza kuti kuseri kwa msika wa Chitipa kukugulitsidwa nyumba anali Mayi Namukonda, anzanga a kutchalitchi. Anandipeza ndikuchapa pamene tinkachita lendi, nati, "Anyina Tiyamike, nyumba yoyandikana ndi yanga ija mwini wake akubwerera kwawo. Fulumirani musanamve kuti wagula wina."

Ife kwathu ndi ku Dowa. Chinatibweretsa kuno ndi makina osokera a bambo a ana anga, amene ankasoka pakhonde la sitolo ina kumsika. Tinali titatopa ndi lendi, kusamukasamuka ngati anthu opanda kwawo, ndiye titamva nkhaniyi tinapemphera, tinagulitsa kamunda kathu ka kumudzi, n'kuphatikiza ndi zimene tinkasunga.

Dera lathu ndi lothithikana. Madenga amachita kugundana, ndipo njira yofika pakhomo pathu munthu wosenza mtolo wa nkhuni amadutsa cham'mbali. Mnzako akamakazinga usipa umadziwa, akayambana ndi mwamuna wake umamva zonse ngakhale usakufuna. Nyumbayo inali ya chipinda chimodzi ndi pabalaza. Kuseri kunali kabwalo kakang'ono kotchingidwa ndi makoma a nyumba za ena, chimbudzi pakona, ndi nthochi zobiriwira bwino, masamba ake aakulu ngati mphasa. Wogulitsa uja anaseka nati, "Nthochizo ndakupatsani ulere, mama." Ine ndinathokoza ndi mtima wonse. Kwathu pamene nthochi yakondwa timati nthaka ndi yabwino, basi.

Tisanathe chaka m'nyumbamo bambo anadwala sitiroko. Mulungu anawasunga, koma dzanja lamanja linafooka ndipo makina anaima. Nthawi yomweyo Tiyamike, mwana wathu woyamba, anatha msinkhu, koma ankagonabe pabalaza ndi alongo ake awiri. Apongozi anga atamva anaimba foni kuti mtsikana wamkulu sagona ndi anyamata, timutumize kumudzi. Sanalakwe. Koma ine ndinkadziwa kuti akapita kumudzi sukulu yathera pomwepo, pamene mwanayo amakonda mabuku kuposa ine amene ndinalekezera ku pulayimale. Chofunika chinali chipinda chimodzi chokha.

Mayi Namukonda omwewo ndi amene anandiperekeza kwa a Simwaba, omanga nyumba, amene anthu kuno amangowatchula kuti afundi. Tinagwirizana kuti ndiziwathandiza kumene akumanga chilimwe chonse, azindipatsa kangachepe ka ufa, ndipo pamapeto adzandimangire chipinda osandilipiritsa. Imeneyo ndiyo inali ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndi munthu.

Amene simunagwirepo ntchito ya zomanga m'dera lothithikana, dziwani kuti chovuta si kumanga, koma kufikitsa zinthu. Galimoto imatsitsa mchenga ndi njerwa kumsewu. Wilibala imalowa pang'ono n'kukanika pamene makoma ayandikana, ndiye zotsalazo ndi pamutu. Ndinkalawirira kumpopi kukadzaza mgolo ndi ndowa, kenako kukumba dothi ndi khasu, kulithira madzi, n'kuliponda ndi mapazi mpaka lifewe mofanana. Tsiku loyamba ndinachulutsa madzi. Afundi anatapa ndi mpeni wawo womangira, matope n'kuyenderera pansi, nati, "Mama, awa mukufuna ndimwe kapena ndimangire?" Anyamata onse othandiza afundi anaseka, nanenso ndinaseka, koma madzulo msana unkachita ngati si wanga.

Pang'onopang'ono ndinaphunzira. Njerwa umayamba wainyowetsa kuti isamwe madzi a m'matope. Chingwe chowongolera khoma chikamangidwa suchikhudza. Simenti ya pulasitala umasakaniza ndi mchenga wosefa zili zouma, madzi pambuyo. Manja anga anang'ambika, zidendene zinachita ming'alu, koma afundi ankandilola kutola njerwa zoduka zimene eni nyumba sankazifuna, ndipo madzulo alionse ndinkabwera nazo zingapo mu ndowa.

Nthawi yomanga kwathu itayandikira, ndinaganiza zowapeputsira afundi ntchito. Loweruka lina ine ndi Tiyamike tinadula nthochi zija, tinazula zitsa zake, tinasalaza malowo bwinobwino ndi khasu n'kusesa. Mayi Namukonda nthawi imeneyo anali ku Chisenga kukadwazika mayi awo, ndipo kuseri kwathu sikuoneka kwa wodutsa. Afundi atabwera anapeza bwalo loyera. Unali mwezi wa Okutobala, nthaka itauma gwa, moti piki inkachita kudumpha. Anakumba maziko, anamanga, tinafolera ndi malata akale ogula kwa munthu.

Tsiku limene Tiyamike analowa m'chipindacho sindidzaliiwala. Anakhoma msomali wopachikapo yunifolomu, anaika mabuku ake pa katoni, ndipo tonse tinagwada momwemo kuthokoza. Bambo ake, amene kuyankhula kunkawavutabe, anayambitsa okha nyimbo.

Mvula itayamba, chitseko chinayamba kuvuta kutseka. Ndinati ndi thabwa lafufuma. Kenako pakona panaoneka kamng'alu kochepa, ndinakamata ndi dothi.

Tsiku lovutalo linali mu Januwale, mvula itagwa masiku angapo osalekeza. Ndinali kuntchito, tikupulasitala m'kati mwa nyumba ya munthu wina, pamene Mayi Namukonda anafika atanyowa, opanda ngakhale ambulera.

"Anyina Tiyamike, siyani ndowayo. Mwana ali bwino, musaope, koma tiyeni kunyumba."

Ndinaika ndowa pansi pomwepo, tinanyamuka. Afundi anasiya mpeni wawo n'kutitsatira.

Tinapeza Tiyamike ataima pabalaza, atakumbatira mabuku ake. Anati ankawerenga pamphasa, anangomva pansi pakutsika ngati munthu wakhala pa matiresi. Kona yonse ya chipinda inali italowa pansi, khoma litang'ambika kuchokera kudenga mpaka kumaziko, moti dzanja linkalowa. Ndipo panali fungo limene munthu aliyense amalidziwa.

Afundi anatenga chitsulo chachitali n'kuchibaya pakonapo. Chinalowa chonse osalimbana nacho. Anandiyang'ana.

"Mama, ndisanabwere ine apa panali chiyani?"

"Panalibe kanthu, afundi. Nthochi basi."

Anavula chipewa n'kupukuta kumaso. Sanakalipe, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakalipa.

"Mama, kuno nthochi ya kuseri kwa nyumba si ya kudimba. Chimbudzi chikadzadza timakwirira, n'kudzalapo nthochi kuti wina asadzakumbepo kapena kumangapo. Mukanazisiya ndikanaziona."

Ndinatembenukira kwa Mayi Namukonda. Iwo anagwetsa nkhope. "Ine ndinabwera chipinda chitafika kale kudenga," anatero. "Ndinaona mmene munkasangalalira, ndiye ndinangoti mwina afundi anathiramo miyala. Pepani, anzanga. Pakamwa panandilemera."

Sindinalire pamenepo, nthawi yake panalibe. Afundi anati tiphwasule tsiku lomwelo khoma lisanagwere nyumba ya eni ake kuseri. Anakwera n'kuyamba kuzula malata, mvula ikugwabe. Anthu oyandikana nafe, ena amene tinkangopatsana moni wa m'mawa, anatuluka okha n'kuima mumzere m'kanjira kaja, kumapatsirana njerwa kuchoka kuseri kufika kumaso. Mayi wina wogulitsa tomato anabweretsa tiyi mu ketulo. Bambo a Tiyamike anakhala pakhomo pa mpando, njerwa pamwendo, akupala matope ndi dzanja lawo lamanzere. Nditadutsa pafupi anandikoka chitenje nati, mwapang'onopang'ono monga amayankhulira tsopano, "Amayi, tinagula nyumba ndi zimbudzi zake zonse." Ndinaseka, ndipo m'kuseka momwemo ndi mmene misozi inabwerera.

Chimene chinatenga chilimwe chonse chinatha tsiku limodzi dzuwa lisanalowe. Madzulo ake ndinauza bambo kuti basi, ndalephera, tiimbe foni kumudzi mwana apite. Tiyamike atamva anangoyamba kupinda zovala zake. Koma Mayi Namukonda, amene anali akadali pakhomo kuchapa matope kumapazi, anati, "Apite kuti? Mwana wanga wamkazi amagona yekha. Mphasa ikwana awiri."

Mpaka lero Tiyamike amadya kwathu, amawerenga kwathu, kukada amatenga bulangete lake n'kupita khomo linalo. Sukulu sanasiye. Apongozi anadandaula pang'ono, kenako anavomera. Ine mtima umandipwetekabe kuona mwana wanga akutuluka madzulo alionse ngati mlendo, pamene nyumba ndi yathu yogula, koma ndimathokoza Mulungu amene anandipatsa mnansi wotere.

Afundi anabwera tsiku lina ndi chitsulo chawo chija n'kubaya bwalo lonse. Anapeza kuti kuseri konse ndi maenje akale, ena ngakhale nthochi analibe. Malo olimba ndi kachigawo kakang'ono kumaso, ndipo kuti timangepo mpaka tigwirizane ndi anzathu amene amadutsa pamenepo. Tikukambiranabe. Ine ndikadali kwa afundi, kusenza mchenga ndi kuponda matope, ngakhale bondo lamanzere layamba kutupa.

Inu amene mukufuna kugula nyumba m'dera ngati lathu, musamangoona malata ndi pulasitala, ndipo musamafunse wogulitsa yekha. Khalani pansi ndi mayi amene wakhala pamenepo zaka zambiri, mumufunse kuti anthu a m'nyumbayi ankapita kuti, nanga amene analipo iwo asanabwere ankapita kuti. Funso lake ndi lochititsa manyazi, koma funsani. Ndipo chimene mwachipeza pabwalo musachichotse womanga asanachione.

Njerwa zathu zili pakhomo, tinazifunditsa pepala la pulasitiki kudikira chilimwe. Mukamagwada kupemphera mutikumbukireko ife a kuseri kwa msika: bambo kuti dzanja libwerere, ine kuti bondoli lindipirire chaka chimodzi ichi, ndi Tiyamike, amene akulemba mayeso posachedwa, kuti adzagoneko m'nyumba ya makolo ake asanakule n'kutisiya.