Ndinayamwitsira kunja kwa geti

Ntchito yochapa pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima anandipezera ndi apongozi anga aamuna. Iwo akhala akusamalira maluwa ndi kapinga pamalopo kuyambira ndisanakwatiwe ndi mwana wawo. Sanandiuze okha. Anatuma apongozi aakazi kudzandiuza kuti Lolemba ndikaonekere. Ndi mmene timakhalira kwathu: ine ndi iwo sitiyang'anana m'maso, sitikhala pamphasa imodzi, ndipo tikakumana panjira mmodzi amapatuka. Pakakhala mawu, amadzera mwa munthu wina. Si udani ayi, ndi ulemu, ndipo ndinaupeza ulipo kale.

Pa loji zimenezi sizinkavuta. Iwo ankakhala kumaso kumene kuli maluwa, ine kuseri kumene kuli mabeseni, zingwe zoyanikira ndi simbi. Tsiku linkatha osaonana.

Manijala amene ndinawapeza anali mayi wachikulire wa ku Chipoka, wa makiyi ambiri m'chiuno. Makiyi aja akamalira, aliyense ankagwira chogwira. Ankakalipa kuchokera kukhitchini mpaka kugeti. Thaulo likakhala ndi kabanga, ankaliponya m'beseni n'kunena kuti, "Iwe, maso unasiya kwanu?" Maganizo a munthu sankafunsa. Ine ndinkawaopa kwambiri. Koma tsiku limene ndinabwerera kuntchito nditabereka, mwana ali ndi miyezi itatu, anaima pafupi ndikusita, n'kuona kuti yunifolomu yanyowa pachifuwa.

"Mwana wamusiya ndi ndani?"

"Ndi mayi anga."

"Kutali?"

"Kuseri kwa mzikiti uko."

"Uwauze azibwera naye teni koloko ndi wani koloko. Uziyamwitsira kuseri kwa thanki. Ukachedwetsa mashiti anga ndikuthamangitsa ndi mwana wako yemwe."

Anapitirira, makiyi akulira. Nkhani inathera pomwepo, ine osatsegula n'komwe pakamwa kuti ndipemphe.

Patatha mwezi eni ake a loji anawapumitsa mayi aja n'kubweretsa manijala wina, bambo wachinyamata wochokera ku Lilongwe. Ndinene zoona, sindinawamvepo akukweza mawu. Ankapereka moni wa padzanja kwa aliyense. Tsiku lina anandilandira beseni lodzaza mataulo n'kukaliika okha pazingwe. Nditagwada powathokoza anati, "Ayi asisi, dzukani. Pano palibe wamkulu, palibe wamng'ono. Tonse ndife timu imodzi."

Iwo ndi amene anayambitsa bwalo la m'mawa. Seveni koloko tonse tinkaima mozungulira poimika magalimoto, iwo atagwira kampira kobiriwira. Akakuponyera, uwakhe, unene chinthu chimodzi, chimene chinakusangalatsa dzulo kapena chimene chikukuvuta. Ukamaliza, onse aombe m'manja katatu. Anyamata a kubala ankazikonda, ankachita kulimbirana mpirawo. Amayi ophika, Msilamu wa pakamwa pakuthwa amene ankanditenga ngati mwana wawo, ankang'ung'udza chapansipansi kuti, "Wallahi, imvi zonsezi, ndabwereranso kusukulu ya mkombaphala."

Kwa ine sizinali zoseketsa. Aka kanali koyamba kuti ndiime pabwalo limodzi ndi apongozi anga, iwo uko, ine kuno, nkhope kuyang'anizana. Ndinkabisala kumbuyo kwa amayi ophika. Mpira ukandipeza ndinkati, "Zonse zili bwino," maso ali pansi, n'kuuponya msanga ngati khala la moto.

Kenaka mlendo wina anataya foni. Inapezeka tsiku lomwelo pansi pa mpando wa galimoto yake, koma lamulo linali litabadwa kale. M'mawa mwake pabwalo bwana anati kuyambira tsiku limenelo wachibale wa wantchito asalowenso mumpanda, ndipo wantchito asatuluke nthawi yoweruka isanakwane popanda chiphaso chosainidwa ndi iwo.

"Alipo amene lamuloli limupweteke? Lankhulani momasuka, pano ndi pabanja."

Moyang'anizana nane panaima apongozi anga, payipi yothirira ili m'manja. Ndikanayamba bwanji? Ndinene kuti mawere anga amadzaza teni koloko, iwo ali pomwepo akumva?

"Palibe? Ndiye kuti tagwirizana. Tiombe m'manja."

Tinaomba. Inenso ndinaomba, ndipo mpaka lero zimandinyansa ndikakumbuka.

Masana ndinalimba mtima n'kupita kuofesi. Chitseko chawo chinkakhala chotsegula nthawi zonse, ndipo ankanyadira zimenezo. Ndinaima pakhomo mpaka anadzutsa mutu pakompyuta.

"Bwana, ndili ndi kankhani."

"Kokhudza ntchito?"

"Lamulo la geti lija."

"Zabwino kwambiri, asisi! Koma nkhani zotere tisamazibise muofesi. Mawa mudzanene pabwalo kuti anzanu aphunzirepo. Ndaona kuti ndinu wamanyazi, ndikufuna muzolowere kulankhula."

Ankamwetulira. Ndikhulupirira kuti mumtima mwawo ankaona ngati akundithandiza.

Ndinakawauza amayi ophika, ndipo m'mawa mwake iwo atawakha mpira anati, "Bwana, pali mnzathu wina amene lamulo lija..." Bwana anawadula mwaulemu. "Mwiniwake ali ndi pakamwa, mayi. Pano sitilankhulirana. Aliyense azidzinenera yekha." Ndiye njira imene ndinkaidziwa, yotuma munthu wamkulu, anali ataitseka. Yotsala inali ya pabwalo, pamaso pa apongozi.

Anapita masiku anayi. Ndinkayamwitsa m'mamawa, kenaka mpaka faifi koloko. Mwana wa miyezi inayi sadziwa kudikira. Ankalira mpaka mawu kusasa, ndipo mayi anga, posowa chochita, anayamba kumupatsa kaphala kamadzimadzi, ngakhale kusikelo anatiuza kuti bere lokha mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku lachitatu anayamba kutsegula m'mimba. Lachinayi nditaweruka ndinamusisita pamutu n'kupeza liwombo layamba kulowa. Ine nanenso mawere anali atauma gwa ngati mapapaya osapsa, thupi likutentha, ndikakweza mkono poyanika ndinkaluma mano. Ndinkakamira mkaka m'sinki ya kochapira, mkaka umene mwana wanga ankaulirira kuseri kwa mzikiti, mtunda woti munthu akafuula umamva.

Bambo a mwana anali kunyanja, ku ulendo wa usodzi wa masiku angapo. Ngakhale akanakhalapo, akanati chiyani? Ntchito ija anandipezera ndi bambo awo.

Tsiku lachisanu ndisananyamuke ndinawauza mayi anga kuti teni koloko abwere ndi mwana. Anandifunsa ngati bwana walola. Ndinati angobwera naye.

Teni itakwana ndinaviika mashiti m'beseni, kupukuta m'manja, n'kulunjika kugeti. Mlonda wa masana ndi mnzawo wa amuna anga, timatchulana chilamu.

"Alamu, chiphaso?"

"Ndilibe."

"Ndiye mukufuna atichotse tonse tikagulitse usipa ku Khombedza?"

"Tsegulani, alamu. Mukakana ndikwawira pansi pa waya ndi yunifolomu yomweyi."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso mayi anga amene anaima kutsidya kwa msewu mwana akulira kumsana. Anakanda m'mutu. "Ine ndikukataya madzi," anatero. "Zimene geti lichite ine kulibe, musadzandifunse."

Ndinatuluka. Sindinafune kubisala kuthengo ngati ndaba. Ndinakhala pamwala umene uli pansi pa chikwangwani cha loji, m'mbali mwa msewu, n'kumulandira mwana. Atagwira bere ndinamva ululu mpaka m'mano, kenaka thupi lonse linamasuka. Ankayamwa akusisima, kadzanja katagwira kolala ya yunifolomu.

Ndili pomwepo galimoto ya bwana inatulukira kuchokera kuboma kumene anakagula katundu. Inachepetsa liwiro. Ndinawaona akundiyang'ana pawindo. Masiku onse ndikanadzuka, mwinanso kugwada. Tsiku limenelo ndinangomutembenuzira mwana kubere linalo. Wani koloko ndinatulukanso.

M'mawa mwake pabwalo bwana anayamba ndi mawu ofatsa. "Dzulo mnzathu wina anatuluka kawiri popanda chiphaso. Sindikalipa, mukundidziwa. Ndikungofuna tonse tiphunzirepo kanthu." Anandiponyera mpira.

Manja anga anali kumbuyo, ndipo ndinawasiya komweko. Mpira unandimenya pachifuwa, pamene panali popweteka kale, n'kugwa pansi, n'kugubuduzika mpaka kulowa pansi pa galimoto. Palibe amene anautola.

Ndiye apongozi anga anavala chipewa chawo, kugwira wilibala, n'kuyamba kuikankha kulowera kumapeto kwa mpanda, kumene amataya zinyalala za maluwa. Sanatembenuke.

"Madala, sitinamalize!" bwana anaitana.

"Asiyeni apite, bwana," anatero amayi ophika. "Aja ndi apongozi ake a mwanayu. Akumupatsa malo. Sabata yonse mwakhala mukufuna atchule za m'bulauzi mwake iwo ali pomwepo. Kwanuko mumatero? Kapena inu simunakwatire?"

Wina wa kubala anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Ndinadikira mpaka kulira kwa wilibala kutazimiririka. Kenaka ndinalankhula.

"Bwana, mwana wanga ali ndi miyezi inayi. Amayamwa. Chiyambire lamulo lanu akutsegula m'mimba. Dzulo ndinatuluka, n'zoona. Lero ndituluka teni koloko, nditulukanso wani koloko. Mashiti anu onse ndachapa, palibe chipinda chimene chagona chopanda zofunda. Mukafuna kundichotsa ndichotseni, koma kutuluka ndituluka."

"Nanga bwanji simunanene, asisi?"

"Ndinabwera kuofesi kwanu. Munandibweza. Ndinatuma amayiwa. Munawadula."

Nkhope ya bwana inawala ngati atola kanthu. "Mwaona? Izi ndi zimene ndimafuna. Asisi athu lero alankhula! Tiyeni tiwaombere m'manja."

"Musaombe," ndinatero. "Sindikuimba nyimbo."

Manja amene anali atakwera anatsika. Bwalo la tsiku limenelo linatha lopanda kuomba.

Anthu ena pambuyo pake ankati ndinachita mwano kwa munthu wabwino. Ubwino wawo sindikuukana. Koma mayi wokalipa uja anaona yunifolomu yonyowa tsiku loyamba. Bambo womwetulirayu anandipatsa moni wa padzanja masiku anayi, yunifolomu yomweyo ili yonyowa pamaso pawo, akudikira kuti ndiwakhe mpira. Ngati manyazi anga anali vuto, linali vuto langa, silinali la mwana. Ndipo ulemu umene ndimawapatsa apongozi si matenda oti munthu wochokera kutali abwere kudzandichiza ndi kampira.

Cha m'ma naini anandiitanitsa kuofesi. Ulendo uno anatseka chitseko. Anati apepese, sankadziwa za chipongozi chathucho, kwawo zinatha kale. Anati mayi anga akhoza kumalowa ndi mwana, auza mlonda. Kenaka anatulutsa pepala.

"Koma lamulo ndi lamulo, asisi. Munatuluka popanda chilolezo, ndipo eni ake amafuna kuona kuti ndachitapo kanthu. Ndi kalata ya chenjezo chabe. Musaine apa."

Sukulu ndinalekezera sitandade folo. Ndimawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Kalatayo anailemba m'Chichewa kuti ndimve, ndiye ndinaiwerenga yonse, iwo akusewera ndi cholembera. Mzere woyamba unkati ndinatuluka kawiri popanda chiphaso. Wachiwiri unkati ndikumva chisoni ndi zimene ndinachita ndipo sindidzabwerezanso.

"Wapamwambawu ndi woona," ndinatero. "Wam'munsiwu ndi bodza."

"Ndi mawu ongolembera, aliyense amasaina choncho."

"Ine chisoni sindikumva. Ndipo mukadzatsekanso geti ndidzabwereza."

"Mukudziwa kuti makalata oterewa akakwana atatu ntchito imatha?"

"Ndamva."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkayang'ana papepala, osati m'maso mwawo, koma chala sindinachichotse pamzere uja. Pamapeto pake anakoka pepalalo, kudula mzere wachiwiri ndi cholembera, n'kundibwezera. Ndinalemba dzina langa pansi pa mzere woonawo, chilembo chimodzichimodzi.

Anayamba kunena zina, za mmene tingagwirire ntchito bwino limodzi kutsogoloku. Wotchi ya pakhoma inali itatsala pang'ono kukwana teni. Ndinapempha kuti andikhululukire, n'kutuluka iwo asanamalize.

Mayi anali atafika kale pageti, akuopa kulowa. Ndinamumasula mwana kumsana kwawo n'kulowa naye ndekha, kudutsa pakati pa magalimoto a alendo. Tsiku limenelo anayamwa mawere onse awiri mpaka kugona mkaka uli pamlomo. Patatha masiku atatu m'mimba munaleka, ndipo liwombo linadzazanso.