Ndinamudzutsa Kuti Alandire Apongozi

Linali Lachinayi, teni koloko m'mawa, pamene apolisi awiri anagogoda pakhomo pathu ku Tipton, kuno kudziko la azungu. Mwana wanga Tiyamike anali asanafikebe kuchokera ku naiti, ntchito ya usiku kuchipatala. Inu owerenga, wolakwa ndinali ine, ndipo sindibisa.

Tiyamike ankaphunzira unesi. Miyezi imeneyo anamuika kuwodi ya anthu amene aikidwa impso kapena chiwindi cha munthu wina. Ankandiuza kuti kumeneko sukhala pansi. Ola lililonse umayeza mkodzo wa wodwala, kutentha kwa thupi ndi BP, chifukwa thupi likayamba kukana chiwalo chatsopanocho, nesi ndiye ayenera kuyamba kuona. Ine sukulu ndinalekezera sitandade faifi. Ndinkamva ndithu, koma mumtima ndinkati mtsikana wogona dzuwa lili pamutu ndi waulesi.

Lachitatu lake anafika m'mawa atagwira mausiku atatu, kutatsala umodzi. Anandipempha kuti ndisamudzutse mpaka faifi koloko. Koma cha m'ma leveni kunatulukira mayi ndi azakhali a mnyamata amene ankafuna kumukwatira, kuchokera ku Kings Heath. Anati abwera kudzamuona chinkhoswe chisanachitike. Ndinagwidwa manyazi. Akanene kutchalitchi kuti mtengwa wawo anamupeza m'bulangete masana?

Ndinakwera kuchipinda kwake n'kumugwedeza phewa.

"Amayi, chonde, auzeni kuti ndili pa naiti. Amvetsa."

Ndinamuuza kuti asandichotse ulemu pamaso pa apongozi. Anadzuka. Anamanga chitenje, anawasambitsa m'manja chogwada, anawaphikira nkhuku. Alendo anamuyamikira kwambiri, ndipo anatsanzika cha m'ma foro. Pomaliza kutsuka mbale, nthawi yosita yunifomu inali itakwana.

Usiku umenewo odwala ake anawasamala bwino, sisitala wa pawodi anadzandiuza yekha pamaliro. Tulo tinamupeza pobwerera, ali pachiwongolero. Galimoto inawomba chipupa cha mlatho wa pangalande, pafupi kwambiri ndi kunyumba.

Makolo anzanga amene mwabwera kudzakhala ndi ana anu kuno, mwana akachokera ku naiti musiyeni agone. Kaya kwabwera abusa, kaya apongozi, alandireni nokha, awiritsireni tiyi, muwauze zoona. Akakhumudwa, akhumudwe.

Masiku ano ndimatenga ana a manesi atatu a kutchalitchi kwathu m'mawa uliwonse. Ndimakhala nawo mpaka faifi koloko kuti amayi awo agone.