Adzukulu a njinga zamoto

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pansi pabalaza kwa achimwene ku Tallaght, kuno kudziko la azungu. Kugona kwake kuti? Azimayi anachezera kuimba motsitsa mawu kuopa aneba, ndipo ena ananyamuka mbandakucha kupita kushifiti asanamwe ndi tiyi yemwe.

Tinkaika mwana wa achimwene, mnyamata woti anali atangoyamba ntchito. Anagwa ndi njinga yamoto ya m'matope ija, m'tinjira ta kumapiri komwe ankathamanga ndi anzake achizungu Loweruka lililonse. Achimwene anali atanenetsa kuti anzakewo asaponde pakhomo. Ine sindinatsutse, nanenso ndinali nawo chifukwa.

Koma chinkawadya achimwene tsikulo chinali china. Anamva kuti kuno anthu amachoka kumanda dzenje lili pululu, makina n'kudzakwirira pambuyo. Iwo anakanitsitsa kusiya mwana wawo poyera. Oyang'anira manda analola kuti tikwirire tokha.

Mvula inayamba tili m'tchalitchi, yowaza yosaleka ija. Popita kumanda ndinaona vani ikutitsata patali, njinga zomangidwa kumbuyo. Anyamatawo, anzake a malemu aja, anakaima kumpanda, osayandikira.

Bokosi litatsika, anatipatsa mafosholo awiri. Abale inu, dothi la kuno! Dongo lomata, lolemera ngati simenti. Azibambo athu anali m'masuti, ambiri atachokera kuntchito yosamalira okalamba usiku wonse. Nsapato zinkaterera. Anasinthana mpaka kutopa, koma bokosi linkaonekabe. Anthu anayamba kubwerera kumagalimoto mmodzimmodzi. Achimwene anagwada m'matope n'kuyamba kukankha dothi ndi manja. Apo ndiye ndinalira kuposa m'tchalitchi.

Kenako ndinaona anyamata aja akubwera, aliyense fosholo paphewa. Ndi mafosholo amene amakonzera tinjira tawo mvula ikatiwononga. Sanayambe kukwirira. Anaima pafupi ndi achimwene, mitu pansi, kudikira. Achimwene anawayang'ana, kenako anadzuka n'kupatuka.

Ntchito anaidziwa ana aja. Anakwirira, mtumbira n'kuusalaza bwinobwino ndi kumbuyo kwa fosholo. Wina wamtali ankalira uku akugwira.

Kwathu okumba ndi kukwirira manda timawatcha adzukulu, ndipo sabwerera ndi njala. Achimwene anandikoka dzanja. "Amenewa ndi adzukulu. Abwere kunyumba, ayambe ndi iwo kudya."

Anabweradi. Anadya mpunga ndi nkhuku ataimirira, mwamanyazi, nsapato zawo zazitali zikudontha pakapeti.

Madzulo anthu onse anali atapita. Alamu anagona m'chipinda cha mwana. M'nyumba munali zii, kungomveka firiji. Ndinatenga ndowa ndi bulashi kuti ndichotse matope aja, kuyambira pakhomo mpaka kukhitchini.

"Asiyeni, achemwali," anatero achimwene ali pampando.

Ndinabweza ndowa. Matope ngati amenewo ndi amene achimwene ankamukalipira nawo mwana wawoyo Loweruka lililonse.