Mtedza wa amalume

Ndinagwira ntchito zaka zinayi pa kampani ina yogula mbewu mu Chipata. Pa kalata anandilemba kuti ndine wolipira alimi, koma ntchito yanga yeniyeni inali kunama. Ndinkakhala pa zenera la mawaya, kumbuyo kwanga kuli kabati yachitsulo yodzaza ndi ndalama, kutsogolo kuli mzere wa anthu mpaka pa geti. Tsiku lonse pakamwa panga pankatuluka mawu amodzimodzi: "Ndalama sizinafike, mudzayesenso Lachisanu."

Abwana athu sanali munthu wakuba, ndipo n'chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero, chifukwa wakuba umadziwa pomutukwanira. Iwo anali munthu wamantha. Kale anakongolapo ku banki, chiwongoladzanja chinawadya mpaka anagulitsa lole, nyumba n'kupulumukira mkamwa mwa mbuzi. Kuyambira pamenepo analumbira kuti kubanki sadzapondakonso kukapempha. Ogula athu a ku Lusaka nawonso ankatenga katundu lero n'kudzalipira patapita miyezi. Ndiye abwana anaika malire: ndalama za m'kabati zisatsike kupyola pamenepo, kaya kunja kugwe chiyani. Ukawafunsa ankati, "Chakudza sichiimba ng'oma. Iwe unaonapo mlimi akukazinga mbewu yodzala?"

Tinkalipira alimi ndi zimene zapitirira malirewo, ndipo nthawi zambiri sizinkapitirira. Mlimi ankayezetsa katundu wake, ife n'kumupatsa lisiti, iye n'kumadikira. Kunena zoona, alimiwo ndiwo anali banki yathu, banki yosafuna chikole ndiponso yobwera yokha kudzatigwadira. Ine ndinazolowera msanga. Ndinafika poseka nawo anzanga nkhalamba ikamatulutsa lisiti lokulunga m'mapepala atatu a pulasitiki. Ndinkakalipira azimayi kuti asatsamire mawaya. Mtsikana wa kumudzi ukampatsa makiyi ndi mpando wozungulira, amaiwala msanga fungo la utsi.

Panja pa geti pankakhala amuna awiri atatu ogula malisiti. Mlimi akatopa kudikira ankawagulitsa pepala lake pa mtengo wodula mutu, iwo n'kudzatenga ndalama yonse tsiku limene abwana atsegula dzanja. Tinkawatcha afisi, koma moni tinkapatsana nawo bwinobwino.

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, ankakhala kumudzi kupitirira Mtenguleni. Ndiwo anandiphunzitsa. Anagulitsa ng'ombe yokoka ngolo kuti ine ndimalize sukulu, n'kutsala ndi imodzi yosowa inzake pagoli. Pa Pasaka wa chaka chimenecho ndinapita kumudzi nditavala nsapato zazitali, ndipo ndinadzitama pamaso pa anthu kuti ndalama zonse za kampani zimadutsa m'manja mwanga. Za Lachisanu sindinatchule.

Atakolola, amalume anadutsa ogula onse a m'mbali mwa msewu, aja opachika sikelo pamtengo, amene amaba pa kulemera koma ndalama amapereka pomwepo. Analipira galimoto, n'kubwera ndi mtedza wawo wonse kwa ife.

"Nshawa zanga nigulitse kwa anthu achabe, pamene mwana wanga ndiye agwira makiyi?" anatero akuseka, anthu onse pa mzere akumva.

Ndinawaona kuti aonda. Kolala ya malaya inkawazungulira m'khosi, koma mimba inali itatupa. Atalandira lisiti anandiitanira pambali n'kundiuza kuti achipatala awapatsa kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Lusaka. Ankafuna ya basi ya anthu awiri, iwo ndi akazi awo, ndi yodyera kumeneko. Ndalama ya mtedzayo inali yokwana, n'kutsalako.

Ndinalowa kwa abwana, n'kugwada, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo mu ofesi.

"Bwana, ni amalume anga eni-eni. Adwala."

"Nikalipira amalume ako lero, mailo kukacha mzere wonse uja uzakhala wa amalume ako," anatero osakweza n'komwe maso. "Auze Lachisanu."

Ndinabwerera pa zenera n'kuwauza Lachisanu. Ine ndemwe malipiro anga anali atachedwa, moti ndinangowapatsa ya minibasi yobwererera kumudzi. Lachisanulo anabweradi, ndipo ndinawauza Lachisanu lina.

Pa ulendo wachiwiriwo ndi pamene ndinachimwa, ndipo tchimo limeneli silili pa abwana. Amalume anaima pa zenera, n'kutsitsa mawu.

"Mwana wanga, anyamata aja a pa geti akuti angagule pepala langa. Adula kwambiri, koma ya basi ikwana. Nigulitse?"

Yankho loona ndinali nalo. Ndinkadziwa kuti ogula a ku Lusaka sanalipire ndipo salipira msanga. Koma ndinaganiza za anzanga a mu ofesi akundiseka kuti malume wa wolipira wadyedwa ndi afisi. Ndinaganizanso za kumudzi, kumene nkhani ikanafika ine ndisanafike, yakuti makiyi aja ndi ongolira m'thumba.

"Musagulitse, amalume. Lachisanu likubwerali zifika ndithu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anagwedeza mutu, n'kupinda lisiti lawo. Anandithokoza kuti ndawapulumutsa kwa akuba.

Pa ulendo wachitatu anatsika minibasi atagwiriziza akazi awo, ndipo anakhala pansi pa mthunzi wa shedi chifukwa pa mzere sakanatha kuima. Tsiku limenelo ndinatsegula kabati kanayi, kutengamo ya mafuta a lole ndi ya mlonda. Mitolo inali phee, yomanga ndi malabala. Dzanja langa linaigunda, koma sindinatenge. Ndinkaopa ndende, ndinkaopa kuchotsedwa ntchito, ndipo mantha anga anaposa chisoni changa. Lachisanu lotsatira sanabwere. Kunabwera foni.

Nditawauza abwana za malirowo, munthu uja anasintha ngati wina. Kampani yathu inali ndi mwambo wake: mlimi wathu akamwalira, tinkaonekera. Pa maliro pamasonkhana midzi yonse yozungulira, ndipo anthu omwewo ndiwo adzasankhe kogulitsa mbewu chaka chamawa. Ola lisanathe kabati inatsegulidwa, malire aja osakumbukidwanso. Anagula bokosi lopaka vanishi la zogwirira zonyezimira, matumba a ufa, kabichi, shuga, n'kutulutsa lole yolembedwa dzina la kampani m'mbali. Ine ndinakwera kutsogolo.

Kumanda, mkulu wa mpingo atayamba kuwerenga zopereka, anatchula a limana, kagulu ka mpingo kamene amalume ankapempherako, achibale a ku tauni, kenako kampani yathu, chinthu chimodzichimodzi. Anthu anang'ung'udza mokhutira. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwawaika bwino amalume anu. Ng'ombe ija sinapite pachabe." Ndinalira kwambiri, ndipo anthu anayesa ndikulira maliro okha.

Lolemba m'mawa abwana anaika kapepala pa tebulo panga. Panali mtengo wa bokosi, ufa, kabichi, shuga ndi mafuta a lole.

"Uchotse pa nshawa za amalume ako," anatero. "Kabati ibwerere pamalo pake."

Ndinachotsa. Ndinalemba ndi dzanja langa, mzere ndi mzere, ndipo sindinalakwitse ngakhale ngwee.

Ogula a ku Lusaka analipira patapita mwezi ndi theka. Akazi a amalume anabwera atavala zakuda, lisiti lili kunsonga ya chitenje. Zimene zinatsala ndinaziwerenga kawiri, ngakhale zinali zosafuna kuwerenga kawiri. Iwo sadziwa kuwerenga, ndipo sanafunse chifukwa chake matumba onse a mtedza aja abala timapepala tochepa chotero. Anagwada pa simenti panja pa zenera, n'kuwomba m'manja.

"Ukawathokoze abwana ako chifukwa cha bokosi lija," anatero. "Amalume ako sakanalikwanitsa."