Mabokosi awiri ochokera ku Joni

Ndinadzuka kusanache. Kugona kwenikweni sindinagone, ndinangotsamira khoma la nyumba ya amayi nditafunda jekete kumutu. Unali mwezi wa Julaye, kamphepo ka chiperoni kakulowa m'mafupa. Moto wa azibambo panja unali utatsala makala okhaokha. M'nyumba amayi a mvano ankaimbabe, mawu atasasa.

Amene tinkaika tsikulo anali mng'ono wanga, Dayisoni. Anamwalira ku Joni ndi matenda a korona. Kwathu ndi ku Chileka, kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege. Tinakula ndege zikudutsa pamwamba pa denga, mpaka nkhuku zathu zinaleka kuzithawa. Masiku abwino mtembo wa ku Joni unkafika tsiku limodzi, ife n'kukaulandira wapansi. Chaka chimenecho ndege zinaletsedwa, pabwalo panali zii. Dayisoni anakhala mufiriji milungu isanu, kenako anzake anapeza galimoto yokoka ngolo. Inayenda pafupifupi sabata. Mkazi wake anatsala komweko, poti pamalire pankadutsa katundu ndi akufa basi.

Galimotoyo inafika dzulo lake dzuwa likulowa. Mungolo munali mabokosi awiri ofanana, okulungidwa pulasitiki. Dalaivala, maso ali psuu ndi tulo, anawerenga pepala lomatidwa pamwamba n'kutitsitsira limodzi. Linalo anati ndi la ku Lirangwe. Wa zaumoyo anapopera mankhwala n'kunena kuti bokosi lisatsegulidwe, kuona nkhope kulibe. Amayi anapempha kuti aone ngakhale chipumi chokha. Amene anawakaniza ndi ine.

Kutayera adzukulu anabwera, anayeza bokosi ndi bango n'kupita kumanda. Akazi anasonkha moto kuseri kwa nyumba. Anyamata anaika masamba pamsewu. Lamulo linkati pamaliro pakhale anthu ochepa, koma pofika naini koloko anali atadzaza mpaka m'munda mwa aneba, ambiri masiki ali pachibwano. Ankanong'onezana. Ena amati m'bokosi muli miyala, ena amati masiku ano mitembo ikubedwa ziwalo. Ndinamva zonse. Mtima unali utayamba kutentha.

Abusa analalikira mwachidule. Tinanyamuka cha m'ma leveni, kamvula kakuwaza. Amayi a mvano anatsogola ndi nkhata, bokosi pamapewa pa amuna asanu ndi mmodzi, ine pambali pake.

Titafika pamphambano ya kuchigayo, panatulukira lole ikuthamanga. Inaponda masamba aja osachepetsa liwiro, n'kuima mopingasa njira. Kwathu galimoto ikakumana ndi maliro imapatuka, wa njinga amatsika. Nyimbo inaduka.

Kutsogolo kwa loleyo kunatsika bambo wachikulire, wa jekete lakuda, chipewa chili m'manja. Kumbuyo kunadumpha amuna khumi kapena kuposa.

“Imani kaye, abale!” anakuwa bamboyo. “Maliro mwanyamulawo ndi athu!”

Palibe anamufunsa kuti akutanthauza chiyani. Mayi wina kumbuyo kwathu anakuwa kuti akuba mitembo aja ndi amenewa. Mwala woyamba unaphwanya galasi la lole. Adzukulu anamva phokoso ali kumanda, anabwera akuthamanga ndi makasu ndi mafosholo, ena kachasu ali m'mutu. Amuna a pa lole anazula mitengo ya mpanda wa chigayo. Zitatero panalibenso womvera mnzake.

Ndinaona mnyamata wathu wa kabaza akugwa, khutu litang'ambika. Ndinaona dalaivala wa lole akukokedwa pawindo, malaya atatsalira pachitseko. Abusa anaimika Baibulo m'mwamba, duka la njerwa linawapeza paphewa. Wa zaumoyo anataya mpope wake n'kulowa m'mapesi. Nkhata zinapondedwa m'matope. Onyamula bokosi anakankhidwa, bokosi linapendekeka n'kugunda pansi, ngodya imodzi inasweka.

Bambo uja anadutsa pakati pa zonsezo, alibe kanthu m'manja koma chipewa. Anagwada n'kuika dzanja pabokosi. Milomo yake inkayenda, koma sindinamve mawu. Ndinalanda khasu kwa mdzukulu, ndinaligwira chakumutu n'kumenya bamboyo ndi mpini. Kawiri. Koyamba padzanja, ndinamva fupa likuthyoka. Kachiwiri pankhope. Anagwera pabokosi, magazi n'kuyenderera papulasitiki.

Sindinakhutire. Ndinakwera pa lole kuti aliyense wotsala ndimugwetse. Ndinapezamo mayi mmodzi yekha, wa msinkhu wa amayi anga. Anali atagona chafufumimba pamwamba pa bokosi lina, lofanana ndi lathu, akulitchinga ku miyala ndi thupi lake. Duku linali litagwa, pamutu pakutuluka magazi. Atandiona ndi mpini sanathawe.

“Menyani, bambo,” anatero. “Koma muyambe mwaona. Ngati si wanu, mutiuze ndi wa yani.”

Anasuntha. Chivundikiro chinali chomasula kale. Anachikankha n'kutsegula zipi ya thumba.

Nkhope inali itada ndi kufota, koma mzera wa pakati pa mano unali womwewo. Chipsera cha pachibwano chinali chomwecho, chimene ndinamupatsa ine ndi legeni tili ana. Anali Dayisoni.

Mpini unagwa wokha. Ndinamugwira patsaya, kuzizira ngati mwala wa kumtsinje. Ndinaimirira pa lolepo n'kukuwa kuti basi. Sanamve. Ndinamenya denga la lole ndi chibakera mpaka anatembenuka.

“Dayisoni ali muno,” ndinatero.

Phokoso linatha pang'onopang'ono, kuyambira pafupi mpaka kumbuyo. Anthu anayamba kuponya pansi miyala mobisa, ngati sanaitole ndi iwo.

Nkhani tinaimva pamenepo, mvula ikutinyowetsa. Mayi uja ndi amene anabereka mnyamata wa m'bokosi limene tinanyamula ife. Iye sanamvere lamulo. Mbandakucha anatuma mlongo wake, bambo ndinamumenya uja, kuti amasule chivundikiro aone mwana wake. Anapeza munthu wachilendo. Anaimbira dalaivala wa ku Joni. Iye anavomera kuti pamalire anapopera mabokosi mankhwala, mapepala ananyowa n'kumatuka, ndipo anawabwezera mongoganiza. Anthu a ku Lirangwe anabwereka lole ya chimanga n'kuthamanga kuti atipeze tisanakwirire. N'chifukwa chake sanaime pamasamba.

Amayi anga anabwera atagwiridwa mbali zonse. Usiku wonse anali atalirira mwana wa eni. Tinawakweza pa lole. Anayang'ana Dayisoni nthawi yaitali, osalira. Kenako anavula chitenje chawo chapamwamba n'kumanga mutu wa mayi uja.

Tinasinthana mabokosi pamsewu pomwepo. Ife tinalandira lathu lili bwinobwino. Iwo analandira lawo losweka ngodya, lamatope, lamagazi. Bambo uja anamunyamula anthu anayi n'kumugoneka pambali pa bokosi la mphwake. Diso limodzi linali litatsekeka, dzanja likulendewera. Ndinayandikira.

“Mwamuona, achimwene?” anandifunsa.

Ndinati ndamuona.

“Chabwino. Kamuikeni.”

Lole inabwerera chambuyo, yopanda galasi, n'kulowera njira ya ku Lirangwe.

Kumanda tinafika ochepa. Dzenje silinavute, poti mabokosi anali ofanana. Abusa anapemphera atagwira phewa. Nyimbo inayamba koma sinapite patali. Adzukulu anakwirira mwachangu, osayang'anana. Mbiri ya malemu inali m'thumba mwanga, sindinaiwerenge. Nkhata zimene zinatoleka zinali zitatu.

Pobwera kumanda palibe anandipatsa dzanja. Onse anali ataona kuti ndagwira mtembo wa korona. Wa zaumoyo anatulukira, anandipopera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti ine ndi amayi tisatuluke pakhomo milungu iwiri. Anthu anasamba m'manja n'kumapita osadya. Ngakhale achibale amene amagona pamaliro anapeza zifukwa. Pofika madzulo pabwalo panali mabenchi a kutchalitchi ndi agalu.

Mlamu wanga anaimba foni kuchokera ku Joni. Anafunsa ngati mwamuna wake wagona bwino. Ndinati wagona kwawo, pafupi ndi bambo ake. Anafunsa ngati kunabwera anthu. Ndinati anabwera. Zinazo adzamva kwa ena.

Amayi anakhala pamkeka pamene panali bokosi, nyali osayatsa. Patapita nthawi anandiuza kuti ku Lirangwe aika mawa, ndipo bambo uja akamugoneka kuchipatala, sadzakhalapo poika mphwake. Ndinatuluka, ndinapopa matayala a njinga n'kuiimika pakhomo. Wa zaumoyo anene zimene anene, mawa ndipita ku Lirangwe. Ndikaima patali, kunja kwa manda, pamene onse angandione. Akafuna kundimenya, manja ndikaika kumbuyo.