Tsiku limene ndinanyamula chikwama cha agogo

Fungo la kapinga wongotchetcha kumene limandibweretsera agogo aPhiri, atagwada m'khonde la fulati yathu ku Berea, tsaya lili pansi ngati akumvetsera mbewa, kapu ya tiyi itagonekedwa kumapeto kwa khondelo ngati dzenje la gofu. Anabwera ku Joni kudzagwira ntchito m'migodi, koma anakalambira kubwalo la gofu, kunyamulira azungu zikwama ndi kuwauza kokankhira mpira.

Ine, mdzukulu wawo Esinati, ankanditcha “akazi anga”, ndipo ukwati wathuwo unali wa sukulu yokhayokha. Ankandivula nsapato kuti mapazi amve kumene pansi papendekera. Tikapita ku Joubert Park ankandionetsa kuti udzu ukamawala ndiye kuti wagonera kumene ukumenyera, mpira uthamanga. Ukamaoneka woderapo, wakuyang'ana, mpira uchita ulesi. Ndikakankha mwamantha ankakuwa mpaka nkhunda kuuluka: “Hawu! Mpira wosafika sulowa, akazi anga!”

Chinkawawawa chinali chimodzi. “Bwana amafunsa, ndimuuza, iye n'kumenya kwina. Akaphonya, wolakwa ndine.”

Onyamula zikwama ankaloledwa kusewera Lolemba lokha, ndipo pachaka ankalimbirana chikho. Agogo anali asanachigwirepo, tsono chaka chimenecho, cha 1989, chinali chomaliza chifukwa ankabwerera kumudzi ku Dedza. Anandijombetsa kusukulu, amayi akulalata, kuti ndikawanyamulire chikwama. Chinkandifika m'khosi, koma ndinkayenda ngati bwalo lonse ndi la bambo anga.

Pa dzenje lomaliza zinatsala pa mpira umodzi: ukalowa, chikho n'chawo. Anzawo anazungulira. Agogo sanagwade. Anandikodola.

“Woza, bwera. Werenga udzu.”

“Ine, agogo?”

“Nanga wanyamula chikwama ndani?”

Ndinavula nsapato, ndinayenda mpaka padzenje n'kubwerera. Phazi lakumanzere linkatsika pang'ono, ndipo udzu unkawala.

Ndinati: “Kumanja kwa dzenje, mpata wa dzanja limodzi. Musamenye kwambiri.”

Ndinawalozera tsamba louma kuti adutsitsepo. Sanafunsenso. Mpira unanyamuka, unapita kumanja mpaka ndinaganiza kuti ndawaphetsa, kenako unayamba kukhota, kukhota, n'kugwera m'dzenje, khoo! Ndinakuwa osadziwa kuti ndikukuwa chilankhulo chanji. Anzawo aja anaponya zipewa m'mwamba akufuula “Madala! Madala!”, agogo akuvina ndodo ili pamutu. Sindinasangalalepo choncho.

Tsiku lowaperekeza kusiteshoni, chikho atachikulunga m'bulangete, ndinawafunsa kuti iwo akanamenyera kuti.

Anaseka, n'kundinong'oneza kuti amayi asamve: “Akazi anga, dzenjelo sindinkaliona n'komwe. Maso anatha kalekale.”

Sindinawaonenso. Lero ndimaphunzitsa ana kukankha mpira, ndipo mwana akandiwerengera udzu, ndimamenya pomwe wanenapo, ngakhale maso anga akunena zina.