Kope la a Chiumia

A Shadrick Chiumia a ku Chibavi anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, ndipo anali mkulu wa mpingo. Atapuma pa ntchito anagula pamsika waukulu wa Mzuzu buku lothaitha lofotokoza maula akale a ku China. Munali zizindikiro makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi, chilichonse cha mizere isanu ndi umodzi, ina yathunthu, ina yoduka pakati. Wofunsa amagawa timitengo makumi asanu mobwerezabwereza mpaka mizereyo itakwana. A Chiumia anasema timitengo tawo kuchokera ku nsungwi.

Iwo ankakana kuti akuombeza. "Muno mulibe mzimu," ankatero. "Ndi nzeru ya ku China yotchedwa Tao, yophunzitsa munthu kukhala ngati madzi. Madzi salimbana ndi mwala, amangoulambalala."

Anthu ankabwerabe, podzera kuseri kwa nyumba. Uphunzitsi sutha m'magazi: a Chiumia ankalemba m'kope dzina la aliyense, tsiku ndi funso lake. Dzina la a Misheck Longwe, mlembi wa bwalo la akulu a mpingo, linalembedwamo kanayi. Funso lawo linali limodzi: kodi akazi awo adzatulukira za mwana amene anabereka ndi mayi wina ku Msongwe?

Mphekesera zoti a Chiumia akuombeza zitafika kumpingo, amene anawerenga mlandu anali a Longwe omwewo. A Chiumia sanatchule za kope. Anadulidwa mumpingo. Mumpingo umenewo wodulidwa akamwalira, abusa sabwera, kwaya siimba, amayi savala yunifolomu.

Izi ndizo zinkawawa a Winifred, akazi awo a Chiumia.

"Bambo, katseguleni kope lija pabwalo. Mufuna mudzakwiriridwe ngati galu?"

"Zinsinsi za eni, mayi. Madzi amadikira."

"Madziwo adzakunyamulirani bokosi?"

Patatha zaka ziwiri, m'nyengo yozizira, chibayo chinawatenga a Chiumia. Woyamba kufika pasiwa mmawa wake anali a Longwe. Atapepesa mwachidule anatsitsa mawu.

"Amama, malemu ankasunga kabuku kena."

"Kalipo," anayankha a Winifred. "Ndakawerenga. Inu muli pamasamba anayi."



"Ndikupatsani," anapitiriza mayiyo, "koma amuna anga aikidwe ndi mpingo. Abusa, nyimbo, zonse."

"Zimenezo n'zazing'ono chomene. Ndinena kuti analapa pamaso panga asanatsirizike."

A Winifred anapereka kopelo pomwepo, osadikira kuti abusa afike kaye pakhomo. A Longwe analibisa m'jekete. "Yewo, amama. Mulungu aone mtima wanu."

Tsiku loika maliro anthu anadikira mpaka dzuwa litafika paliwombo. Kenaka a Longwe anaimirira monga nthumwi ya mpingo, nalengeza mwaulemu kuti malemu anamwalira asanalape, ndipo lamulo silisintha chifukwa cha misozi. Anachenjezanso onse oyenda kwa oombeza kuti atengerepo phunziro. Pagulupo panali anthu osachepera makumi awiri amene mayina awo anali m'kope lija. Onse anagwedeza mutu movomereza.

A Winifred anakuwa kuti mlembiyo ali ndi mwana ku Msongwe. Amayi awiri anawagwira pakamwa, nati chisoni chawasokoneza mutu. Umboni unali utapsa kale pambaula ya a Longwe.

Bokosi litanyamuka, namfedwayo anayambitsa yekha nyimbo imene amuna ake ankaikonda. Anaimba mzere woyamba, nadikira kuti ena alandire. Kunangomveka mapazi m'matope a msewu wa kumanda.